Lole ya Matemba

Tsiku lomaliza limene Gideoni anawaona bambo ake ali moyo, a Filipo anali atanyonyomala pabwalo m'mamawa, akujambula msewu padothi ndi kamtengo. Belu la ku fakitale linali litalira kale, anzawo akudutsa ndi madengu a tiyi kumsana, koma iwo analibe changu. Apa Limbe, apa Zomba, apa doko la Kachulu. Kenaka anatola mwala nauika patali pang'ono, pamene panalibe mzere uliwonse. Chimenecho chinali chilumba cha Chisi, pakati pa nyanja ya Chilwa.

Nkhani ya ulendowu inali itatopetsa nyumba yonse. A Filipo anamva kwa khukhi wa bwana kuti azungu a pa esiteti amapita kumeneko kukawombera abakha ndi kukadyera m'mbali mwa madzi, ndipo anatsimikiza kuti nawonso adzapita ndi banja lawo, mwa njira ya amphawi. Lole ya esiteti inkapita ku Kachulu yopanda kanthu kukatenga matemba a phoso la antchito, choncho wokwera kumbuyo sakanavutitsa munthu. Mwini bwato akanamupatsa mkoko wa nthochi wa kuseri kwa nyumba. Kamba ndiye kalongonda, chinangwa chophika ndi chipanda cha thobwa. Kunyamuka kusanache, kubwerako tsiku lomwelo atakhala pamwamba pa matumba a nsomba, amphaka onse a m'malaini, nyumba za antchito, akuwalondola. Akafika pamenepa ankaseka okha mpaka kutsokomola.

Gideoni anali atasiya sukulu ya uphunzitsi pakati pa chaka, nabwerera kwa makolo ake wopanda pepala lililonse, ndipo masiku amenewo chilichonse chinkamuwawa. Anauyang'ana mwalawo nanena kuti kumeneko n'kukaona madzi amatope basi. A Filipo sanakwiye. Anati madzi amatope ambiri chotere, oti munthu sungaone tsidya lake, iwo sanawaonepo chibadwire. Anadzuka, kusasa fumbi m'mawondo, n'kumapita akuimba mluzu.

Masana a tsiku lomwelo, pa shedi yoyezera tiyi, lole ija inabwerera chambuyo n'kuwapanikiza a Filipo kukhoma ali ndi thumba la masamba paphewa. Anawanyamula pamachila, koma ku chipatala anafika atazizira.

Woyendetsa anali a Douglas, mnzawo wa kuyambira paunyamata, yemweyo amene anapangana naye za ulendo. Mabuleki anakana. Panalibe munthu pa esiteti amene sankadziwa kuti mabuleki a lole imeneyo anatha kalekale; ngakhale ana ankadziwa kuti ikaima potsetsereka amaitsekera ndi mwala. Bwana anati inali ngozi, natumiza matabwa a bokosi. A Douglas anakumba nawo manda, ananyamula nawo bokosi, anagona pamaliro mpaka tsiku loika. Nkhuni zonse za pasiwa anabweretsa ndi iwo, ndipo anazibweretsa pa lole yomweyo. Gideoni anaiona itaima kumapeto kwa malaini, azimayi akutsitsa nkhuni pa thabwa lomwe linathyola nthiti za bambo ake, ndipo kuyambira pamenepo sanadyenso cha pamaliropo.

M'masiku otsatira sankalira. Ankadzuka n'kulowa m'munda wa tiyi, n'kukakhala pamtunda poonekera msewu. Anaphunzira nthawi imene a Douglas amatsikira kumtsinje kukatunga madzi a injini, ndi njira yachidule imene amadzera pobwerera kwawo, pakati pa mitengo ya bulugama pamene sipadutsa anthu. Mpeni wa bambo ake wodulira tiyi anaunola kawiri pa mwala wa kuseri. Amayi ake, a Lestina, anamva kulira kwa chitsulo koma sanafunse. Anangouchotsa mpeniwo pamene anauika, ndipo Gideoni naye sanafunse kumene unapita.

Tsiku lometa linafika. Amalume ake, a Leonard, anabwera kuchokera kwa Khwethemule kudzatsogolera mwambo. Anthu atasonkhana pansi pa mtengo wa mango, panabuka funso limene aliyense anali asanaliganizire: ameta ndani? Pa malaini onsewo mmeti anali mmodzi, a Filipo, Lamlungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, osalipiritsa, malipiro ake kumvetsera nkhani zawo. A Leonard anatambasula manja awo kuonetsa mmene ankanjenjemerera, nati ndi manja otere angadule khutu la mlongo wawo. Lumo la malemu analipereka kwa Gideoni.

Anayamba ndi amayi ake. Tsitsi lawo linagwera pa nsalu, imvi zambiri kuposa mmene ankaganizira. Anameta mlongo wake Eneless, amene ankagwira mpando ndi manja onse awiri. Anameta amalume ake, kenaka abale ena, mmodzimmodzi. Dzanja linazolowera. Akupukuta lumo pantchafu kuti alipinde, anthu anakhala chete, ndipo atatukula mutu anaona a Douglas atagwada kumapeto kwa mphasa, chipewa cha ntchito chili m'manja.

A Leonard analankhula motsitsa. Anati munthu amene anagona pamaliro ndi kukumba manda ali nako kuloledwa kumetedwa, chifukwa imfa imachoka ndi tsitsi, ndipo kumukana ndiko kunena pamaso pa anthu kuti iyeyo ndiye wakupha. Anayang'ana mphwa wawo, kudikira kuti akane.

"Khalani pampando, a Douglas," anatero Gideoni.

Anawathira madzi kumutu, nawapaka sopo. Mutu wawo unali waukulu, wa makwinya kunkhongo ngati wa ng'ombe. Gideoni anayambira pamphumi, kumanja, akukoka lumo pang'onopang'ono. A Douglas, mwina poopa chete, anayamba kulankhula. Anati malo a pa lole aja akadalipo, kalaliki wa esiteti anavomera kale malemu ali moyo. Anati ngati alamu awo, a Lestina, angafune, iwo adzawatenga onse monga anapanganirana ndi achimwene awo, bwato analipeza kale, mwini wake ndi munthu wabwino wokonda nthochi. Anati asaope za msewu, chifukwa mabuleki tsopano anakonzedwa.

Lumo linaima.

"Anakonza liti?"

"Mawa lake la maliro."

"Ndiye kuti zitsulo zake zinalipo."

"Zinali m'sitolo."

"Inu munkadziwa kuti zilimo?"

A Douglas anameza malovu. Gideoni anaona mmero wawo ukukwera n'kutsika.

"Ndinanenapo, mwanawe. Kapitawo anati ngati ndikuchita mantha, alipo ambiri ofuna kuyendetsa."

"Munanena kangati?"

"Kamodzi."

Gideoni anawapendeketsa mutu ndi dzanja lamanzere, monga amachitira mmeti aliyense pofuna kufika kuseri kwa khutu. Pamenepo, pansi pa khutu, mtsempha unkagunda pansi pa thovu. Anaika lumo pomwepo. A Douglas sanasunthe, sanakweze manja amene anali pa mawondo, anangotsinzina. Pabwalo ponse panamveka nkhuku yokha ikupalasa m'masamba. Gideoni anamva kutentha kwa khungulo kudzera m'chitsulo, ndipo anadziwa kuti chikanakhala chinthu chophweka, chophweka kuposa kudula nthambi ya tiyi.

"Gidi," anatero amayi ake. Sanakweze mawu, ngati akumuitana kudzasamba m'manja.

Gideoni analichotsa lumo, kulipukuta mbali zonse ziwiri, kulipinda n'kuliika m'thumba la malaya. Mutu wa a Douglas unali wonyezimira kumanja, kumanzere tsitsi lili chilili, mzere wowongoka kuchokera pamphumi kukafika kunkhongo.

"Dzukani. Ndamaliza."

A Leonard anatsutsa. Anati zimenezo sizichitika, munthu samusiya theka, kuteroko n'kumusiyira imfa pamutu. Anati ngati mphwa wawo watopa, apereke lumo kwa wina. Anayang'ana amuna amene anakhala pa mphasa, koma aliyense anayang'ana zala zake za kumapazi. Palibe akanakhudza mutu umene mwana wa malemu wausiya dala.

"Iwakhale pamutupo," anatero Gideoni. "Theka linalo ndikameta pa Chisi, mukakatifikitsa tonse amoyo. Kufikira tsikulo muziyenda nalo chonchi. Ku fakitale, ku ofesi ya bwana, ku tchalitchi. Wofunsa muzimuuza kuti munanena kamodzi."

Mayi wina kumbuyo anaseka mosafuna, nadzitseka pakamwa ndi nsalu. A Douglas anadzuka pang'onopang'ono, thovu likutsikira m'khosi. Anadzigwira mbali yometedwayo, kenaka inayo. Anafuna kuvala chipewa chawo cha ntchito, koma Gideoni anachiponda ndi phazi pomwe chinagwera, ndipo anachisiya. Anatembenuka kuti azipita, njira yonse ya malaini ili patsogolo pawo, anthu ataima m'makomo.

A Lestina anawauza kuti adikire. Analowa m'nyumba, ndipo kunamveka mtondo ukukokedwa pansi. Gideoni anawaona kudzera pakhomo atakwerapo, akupisa dzanja pakati pa denga ndi khoma. Anatuluka ndi mtolo wokulunga m'chiguduli, naumasula pa mphasa. Zinali zipewa za mlaza, zatsopano, zolowetsana china m'chinzake.

Anati malemu ankaluka kumtsinje akaweruka, mobisa, chifukwa anamva kuti panyanja dzuwa limawotcha kuchokera kumwamba ndi pansi pomwe, ndipo pa bwato palibe mthunzi. Chaching'ono chokhala ndi kansalu kofiira anampatsa Eneless. China anachiika pambali, chawo. Cha Gideoni chinali ndi mlomo wotambalala kuposa zonse. Bambo ake anati maso a kusukulu sapirira kuwala. Gideoni anachigwira osachivala. Mlazawo unkanunkhabe fodya wa m'manja mwawo.

Zinatsala ziwiri. Chimodzi, cha malemu, a Lestina anachikulunganso m'chiguduli muja. Chinacho chinali chachikulu ngati lichero. Ananyamuka nacho, kudutsa pafupi ndi mwana wawo osamuyang'ana, nakaima pamaso pa a Douglas.

"Anzanu aja anakuyezani mutu ndi luzi, alamu, muli mtulo pansi pa lole. Anati akagula cha m'sitolo sichingakukwaneni."

Anawaveka ndi manja awo. Chinalowa bwinobwino, mpaka m'makutu.

A Douglas anachigwira m'mbali, mapewa akugwedezeka. Kenaka anachivula, kuchifungatira pachifuwa, n'kuyamba kutsika njira ya malaini mutu uli pamtunda, theka loyera, theka lakuda.

Lole inanyamuka nawo onse wa ku Kachulu Loweruka, pa 18 Okutobala, 1958.