Dzuwa Lidzafika Lachinayi

Amayi atathyoka fupa la m'chiuno poterereka m'bafa, adokotala anawagoneka miyezi itatu. Anagona m'chipinda cha kum'mawa, pabedi lachitsulo lomwe mkulu mmodzi sakanatha kulisuntha. Ululu ankaupirira. Chomwe chinkawadya mtima chinali dzuwa: linkalowa pazenera m'mawa n'kukathera pakhoma pafupi ndi kabati, iwo ali njenjenje m'bulangete.

Amuna awo, omwe aliyense ankawatchulabe kuti Aphunzitsi ngakhale anapuma ntchito kalekale, anali ndi kachizolowezi kamene kanawayambanitsa ndi akazi awo kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Lamlungu lililonse, eyiti koloko ikakwana, ankalemba kamzere ka pensulo pakhoma pomwe kuwala kwathera, n'kuikapo deti. Amayi ankati anakwatiwa m'nyumba koma akukalambira m'kalasi.

Tsopano Aphunzitsi anatenga tepi yoyezera zovala, nayeza timizere tonse tija kuchokera pangodya ya chipinda, n'kumadontheza papepala. Madonthowo anakwera, anatsika, anakweranso, ngati njoka ikuwoloka msewu. Anafotokozera akazi awo kuti masamu amenewa amatchedwa saini, ndipo chilichonse chopita n'kubwerera pa nthawi yake, kaya mafunde kaya nyengo, chimawamvera. Amayi anafunsa ngati masamuwo angawerengenso ana awo, omwe amangopita osabwerako.

Atalimbana ndi manambala masiku awiri, Aphunzitsi anaima kumiyendo kwa bedi.

"Lachinayi la sabata yamawa, eyiti koloko, dzuwa lidzakukhudzani phazi lakumanzere."

Linali la mwendo wovulalawo.

Lachinayilo Aphunzitsi anavala jekete, wotchi ili m'manja. Kuwala kunatsika pakhoma, kunagwira chitsulo cha bedi, kunakwawa pashiti. Eyiti inakwana kutatsala mpata wa zala zinayi, ndipo onse awiri ankadziwa kuti dzuwa likakwera, kuwalako kugwera pansi. Aphunzitsi anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Zaka makumi atatu pabolodi, sanachitepo manyazi otere.

Amayi anawayang'ana kanthawi. Kenaka analuma mano, nayamba kukankha mwendo uja, womwe chigwereni anali asanayese n'komwe kuusuntha. Unayenda pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu pamphumi, mpaka chala chachikulu chinalowa padzuwa.

"Mwakhozatu bambo," anatero akupuma mwawefuwefu. "Bweretsani cholembera chofiira ndikuchongereni."

Aphunzitsi anagwada movutikira, mawondo akulira, nafumbata phazilo ndi manja awiri mpaka kuwala kunachoka.

Masana anapeza pomwe panalakwika: tepi ija inali itatamuka ndi ukalamba, moti muyeso uliwonse unkaperewera pang'ono. Anabwera ndi pepala kuti adzaulule, koma anapeza akazi awo ali m'tulo, kukamwa kuli yasa. Anawafunditsa mapazi, natuluka monyang'ama kukatereka madzi a tiyi.