Mazira Osweka pa Keliyala

"Lero asweka asanu ndi awiri," anatero mwini golosale, akukankha thileyi ndi chala. "Dzana anali anayi. Mayi, zikachitikanso Lachisanu, ndiyamba kuoda kwina. Ine sindigulitsa makoko."

Mayi Mazira anatola mathileyi awo opanda kanthu. Dzinali anawapatsa ndi anthu a mumzere wa nyumba zawo, ndipo linangowakanirira. Chidwalire msana amuna awo, banja linkadalira nkhuku makumi anayi za kuseri kwa nyumba. Golosale iyi ndiyo inkatenga mazira ambiri. Ikawakana, nkhukuzo ziziikirira ndani?

Anabwerera akukankha njinga, mphamvu zopalasira zitawathera. Msewu umenewu unali utawafika m'khosi. Maenje ake anali oti bakha n'kusambiramo. M'mphepete mwa phula madzi anakokolola dothi, n'kusiya potsika ngati sitepe. Minibasi zinkaima paliponse pamene kondakitala waona munthu. Ndiye galimoto ikangotulukira kutsogolo, iwo ankathawira kumbali, njinga n'kutsika phula kuti khu! Mazira n'kugundana pa keliyala.

"Mwina muziwonjezera utuchi," anatero amuna awo ali chigonere pakhonde.

"Bambo, ndaika utuchi, ndaika nsanza. Kwangotsala n'kuwabereka kumbuyo. Ndatopa ine."

Kuseri kwa mpanda kunamveka kutsokomola. Anali aDalaivala, neba wawo amene anayendetsa lole zaka makumi atatu asanapume. Makutu awo sanapume nawo.

"Pepani aneba, ndalowerera. Ndinakuonani m'mawa pamphambano. Bwanji mumapalasa moyang'anizana ndi magalimoto?"

"Kuti ndiziiona ikamabwera. Ndi mmene anandiphunzitsira mayi anga. Zondidzidzimutsa kumbuyo ine ayi."

"Anakuphunzitsani bwino, koma limenelo ndi lamulo la woyenda pansi. Mukakwera njinga, muziyenda mbali imodzi ndi magalimoto olowera kumene mukupitako. Mukakumana nayo maso ndi maso, nthawi imachepa, wothawa ndinu. Komanso dalaivala wotuluka m'kamsewu amayang'ana kochokera magalimoto. Inu mumatulukira kumene sakuyembekezera munthu."

"Nanga ikandigunda kumbuyo?"

"Wakumbuyo amakuonerani patali, amachepetsa liwiro n'kukudutsani. Inu valani zowala. Musamakwekwese m'mphepete mwenimweni, siyani mpata pang'ono. Musanazembe dzenje, cheukani, tambasulani dzanja."

Mayi Mazira sanakhutire. Koma Lachinayi aDalaivala anatulutsa njinga yawo yadzimbiri, n'kuyenda nawo pambuyo mpaka pamphambano, ulendo wopita ndi wobwerera, keliyala ili yopanda kanthu.

Lachisanu Mayi Mazira anamanga mathileyi atatu ndi mphira, n'kuvala bulauzi yachikasu. Anali ndi mantha, osanama. Injini ikalira kumbuyo, msana wonse unkauma, manja n'kumafuna kukhotera kudothi. Anadziletsa. Atafika padzenje lalikulu anacheuka, natambasula dzanja. Galimoto yakumbuyo inadikira. Ina inawaimbira hutala, mwini wake n'kulankhula zake pawindo, koma inadutsa patali. Msewu sunasinthe, miyendo inawawa monga mwa masiku onse. Koma matayala sanatsike phula ngakhale kamodzi.

Mwini golosale anatembenuza dzira lililonse, akulisuzumira ngati dokotala. Anamaliza thileyi yachitatu osapeza ngakhale mng'alu.

"Mwasintha nkhuku kapena?"

"Ndasintha mbali ya msewu."

Anawayang'ana kaye, kenako anakokera mathileyi mkati. "Lolemba mubweretse asanu."

Mayi Mazira anakhala pabenchi panja pa golosaleyo. Aka kanali koyamba mwezi umenewo kupuma asanauyambe wobwerera.

Maenje ndi madalaivala amwano sitingawathetse tsiku limodzi, koma mbali yoyenda timasankha tokha. Woyenda pansi ayang'anizane ndi magalimoto. Wapanjinga alowere kumodzi ndi magalimoto, avale zooneka, ndipo acheuke n'kupereka chizindikiro asanakhote. Mukatero mudzafika inuyo, katundu wanunso adzafika.