Khutu la Rusko

Chaka chimene lamulo la mtovu linabwera, ndinataya majekete a ana mpaka chibini cha kuseri kwa sitolo yanga chinakana kutsekeka. Majekete abwinobwino, ena ovalidwa nyengo imodzi yokha. Mlandu wawo unali zipi ndi mabatani. Lamulolo linkati chinthu cha mwana chikapezeka ndi mtovu, wogulitsa ndiye wapalamula, kaya ndi fakitale yaikulu kaya ndi ine Marlys Tervo wogulitsa kaunjika wa ana m'katauni kathu ka migodi yotsekedwa kumpoto kwa Michigan. Nanga za m'kati mwa zipi ndikanazidziwa bwanji? Kuinyambita? Zidole zimene zinapezeka ndi poizoni zinali za m'mafakitale akutali, koma paja amati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndiye tinaolera kumodzi. Kunja chipale chofewa chinali chofika m'chiuno, amayi akubwera kudzafuna majekete n'kumabwerera chimanjamanja. Ndinkapsa mtima tsiku lililonse.

Majekete ndinataya, koma Rusko ndinakana.

Rusko anali kavalo wamtengo wogwedezeka, wofiira, amene Bambo Arvo Niemela anasemera mwana wawo woyamba, Paavo. Paavoyo tsopano ndi bambo wa imvi m'mbalimu, wofatsa, wolankhula mochedwa. Sukulu inamukanika ndipo akukhalabe ndi bambo ake. Paavo atakula, kavaloyo anayamba kuzungulira tauni. Mwambo wake unali umodzi: mapazi a mwana akangoyamba kugunda pansi ali pamsana pa Rusko, makolo amamubweza kusitolo, n'kudikira pawindo banja lotsatira. Khutu lake lakumanzere linali lodyekadyeka, chifukwa mwana aliyense womera mano ankayesera pamenepo. Ndikuganiza kuti theka la anthu ovota kuno analumapo khutu limenelo.

Tsopano inali nthawi ya Kendra Maki, amene nayenso anakwerapo ali wamng'ono. Ankabwera ndi kamwana kake Elsie m'manja n'kuima pawindo.

"Anti Marlys, mwandisungira eti? Taonani, wayamba kale kukhala yekha."

"Ndakusungira, mwanawe. Kungoti akuluakulu a ku likulu akuti kavaloyu ndi chigawenga. Kugulitsa ayi, kupereka ulere ndikuopanso."

"Aaa, Rusko? Ine si uyu ndinamutafuna mpaka kukula? Ndafa ine?"

Loweruka Bambo Niemela anafika monga mwa masiku onse, buledi wotsekemera wa nisu m'khwapa, katoni ya zidole zatsopano m'manja: abakha okoka ndi chingwe ndi timagalimoto ta mtengo wa mapulo, zopaka phula la njuchi basi. Paavo anatsala m'galimoto akumvera wailesi.

"Achikulire, mwamva?" ndinatero ndikuthira khofi. "Akuti mtundu uliwonse wa chidole chanu uzipita kaye kokayezedwa. Amachipala, amachisungunula, kenako n'kukuuzani kuti chinali chabwino."

"Ndamva," anayankha akunyema buledi. "Mtengo wake ndafunsanso. Ndigulitse galimoto ndi mano anga oikirirawa, mwina angayeze bakha mmodzi."

"Ndiye mungoseka?"

"Nanga ndilire? Phula la njuchi ukhoza kupaka pa buledi. Akayeze njuchizo."

Ine kuseka kunandikanika. Munthu wasema zidole moyo wake wonse popanda mwana ndi mmodzi yemwe kubayidwa ndi kachitsotso, lero aziyesedwa wakupha ndi anthu amene sanagwirepo tchizulo? Ndinaganiza zowachititsa manyazi. Kutauni yoyandikana nafe kunali Mayi Lachance, amene ankayeza penti wa m'nyumba zakale ndi kamakina kooneka ngati mfuti. Ndinawaimbira foni. Ndinaitananso Kendra ndi amayi ena kuti adzaone ndi maso awo, ndipo ndinali nditakonza kale mawu okauza a nyuzipepala. Sindinakumbuke kuti walira mvula walira matope.

Mayi Lachance anafika masana a tsiku lomwelo, akukutumula chipale ku nsapato. Anayamba ndi bakha. Kamakina kanalira, iwo n'kuyang'ana. "Mulibe kanthu." Kagalimoto, mulibe kanthu. Bakha wina, chimodzimodzi.

"Mwaona?" ndinakuwa. "Lembani zimenezo ndi zilembo zikuluzikulu!"

"Marlys iwe, khala pansi, ugwetsa khofi," anatero Bambo Niemela, koma nkhope yawo inali itawala.

Ndinatsitsa Rusko pawindo ndekha n'kumuika pakati pa sitolo. Mayi Lachance anagunditsa kamakinako pakhosi pake. Kanalira. Anayezanso pamsana, kenako pakhutu lodyekalo, pamene penti anatsala m'mphepete mokha.

"Bambo, penti ameneyu munamutenga kuti?"

"Kumgodi," anayankha. "Wotsala popenta zitsulo za m'masitepe. Kapitawo ankatigawira m'zitini, aliyense kupita naye kwawo. Sasuluka ameneyo, taonani mpaka lero."

"Sasuluka chifukwa ndi wodzaza mtovu," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Wochuluka kwambiri. Anamaliza kukwera ndani?"

"Mapasa a kwa Harju," ndinayankha.

"Makolo awo awatengere kuchipatala akayezedwe magazi. Sabata ino."

Ndinaona Kendra akusamutsa Elsie kumuika mbali yakutali ndi kavalo, pang'onopang'ono, kuti achikulire asaone. Koma anaona. Ine ndinakwiya kuposa kale, kungoti tsopano ndinasowa womukwiyira. Lamulo lomwe lija linanditayitsa majekete osalakwa, lomwe lija linkafuna kusungunula abakha a phula, pa Rusko linali litanena zoona.

"Ndimupala," anatero Bambo Niemela. "Penti yense achoke, ndipake phula."

"Musayerekeze. Fumbi lake ndiye loipa kwambiri," anatero Mayi Lachance.

"Basi ndikamuponya mu mbaula ya sauna, bafa yanga ya nthunzi ija."

"Utsi wake mupuma ndinu ndi anansi anu. Mumukulunge mu pulasitiki, mumusunge kotsekedwa, chipale chikasungunuka a boma amatolera zinthu zapoizoni."

"Ndiye kugulitsa ayi, kupatsa ayi, kupala ayi, kuotcha ayi," ndinatero ine. "Nanga kumulira n'kololedwa?"

Palibe anaseka. Bambo Niemela anayamba kubweza abakha ndi timagalimoto mu katoni, chimodzichimodzi.

"Achikulire, izotu n'zabwino! Mwamva nokha, mulibe kanthu!"

"Kamakinako si pepala la umboni limene a boma akufuna, ukudziwa iwe," anayankha osandiyang'ana. "Komanso ine ndatha, Marlys. Dzulo ukanandifunsa za Rusko ndikanalumbira pa manda a mkazi wanga kuti alibe vuto."

Anagwada movutikira pafupi ndi kavaloyo n'kuyendetsa chala pa zipsera za mano zija. Kenako anatukula mutu.

"Mayi, tandiuzani. Mtovuwu umamutani mwana?"

Mayi Lachance anazengereza. "Zimatengera kuchuluka kwake. Ena sizioneka n'komwe. Ena mutu umagwira mochedwa, kusukulu zimavuta, kulankhula..."

"Pamene pentiyu anali watsopano, wokhuthala," anatero Bambo Niemela, "woyamba kutafuna anali wanga."

Tonse tinayang'ana pawindo. Paavo anali m'galimoto akugwedeza mutu motsatira nyimbo. Palibe angadziwe ngati chinali chimenecho, ndipo ndinawauza choncho, kawiri konse. Sanandimve.

"Aphunzitsi ankati ndi ulesi," anatero. "Ine n'kumamukwapula."

Belu la pachitseko linalira. Paavo anali ataona bambo ake atagwada, ndiye analowa kudzathandiza, chipewa chili m'manja monga anaphunzitsidwira. Ataona kavaloyo pansi anamwetulira nkhope yonse.

"Rusko akubwera kunyumba, ababa? Dikirani ndinyamule ine, msana wanu uja."

Anatambasula manja kulunjika kukhutu lija, pamene aliyense ankagwira pomukoka.

"Usamugwire!" anakuwa Bambo Niemela, mawu amene sindinawamvepo pakamwa pawo. Elsie analira. Paavo anabweza manja msangamsanga n'kuwabisa kumbuyo, akuyang'ana pansi, kudikira kuti auzidwe chimene walakwa.