Thukuta la a Thirakitala

Boma litalola kuti majimu, malo olimbitsira thupi amene anatsekedwa chifukwa cha mliri, atsegulidwenso, Kochi ndiye anagwada tsiku lathunthu kumata tepi pansi. Holo yonse anaigawa m'timabokosi, aliyense kake, ngati makola a nkhumba, ndipo pakati pa bokosi ndi linzake anasiya mpata woti anthu awiri atatambasula mikono asakhudzane. Makina othamangirapo anawatembenuzira kukhoma, ena nkuwakulunga chingwe kuti apume. Zokupizira mphepo zakudenga anazithimitsa, poti ankati zimatenga mpweya wa munthu mmodzi nkugawira onse. Mawindo anatsegula onse, ngakhale lakumapeto lomwe linagwira dzimbiri kalekale, limene anachita kulimenya ndi kachitsulo konyamula ndi dzanja limodzi.

Anthu ankanong'onezana kuti Kochi wasintha, ndipo sankanama. Mayi ameneyu kale anali wamkamwa mosatseka ndi wamanja osakhazikika. Uyu amuwongole msana, uyo amukankhe bondo, winayo amumenye paphewa nkumutcha waulesi mpaka aseke. Koma mliri utafika unayambira pa mayi ake. Galimoto ya chipatala inawatenga m'mawa wina, ndipo anabwerako m'bokosi limene palibe analoledwa kutsegula. Kochi sanalire. Anaidikira misozi kumanda, anaidikira kunyumba, osabwera. Mumtima munangoti zii, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. M'mutu mwake munatsala chinthu chimodzi chokha: bambo ake.

Bambowo anali nkhalamba yodwala shuga, yamaso ofooka koma yamakani ngati ikadali mnyamata. Jakisoni wawo wam'mawa ndi wamadzulo ankabaya ndi Kochi. Dokotala sanapite m'mbali, ananena kuti matenda atsopanowa akawagwira awa, sadzuka. Nchifukwa chake Kochi akaweruka sankalowera kumaso. Ankazungulira kukhonde lakuseri, kuvula zakuntchito, kuziviika m'ndowa ya sopo, kusamba mpaka khungu kutuwa, kenako nkugogoda. Ntchito sakanaisiya. Mankhwala a shuga sagwa ndi mvula.

Malamulo ake a mujimu anthu anawazolowera monyinyirika. Kamfuti koyezera kutentha kwa thupi pakhomo, sanitaiza m'manja, masiki kumaso, kupukuta chitsulo ukatha kuchigwira. Lomwe linawawa amuna linali loletsa kugwirirana. Munthu akagona chagada pabenchi nkumakankha chitsulo chachitali kuchokera pachifuwa, mnzake amaima kumutu kwake atawerama, manja ali chire, kuti chikamulemera achilandire. Nkhope imakhala pamwamba pa nkhope, wina akupumira mwa mnzake. Kochi anathetsa zimenezo tsiku loyamba lomwe.

"Nyamulani zimene mungathe nokha," anawauza. "Wofuna kuonetsa mphamvu akanyamule firiji kwawo."

Amene anadandaula kwambiri anali a Thirakitala, bambo wogulitsa matayala, wakhosi lofanana kukula ndi mutu. Dzinalo anawapatsa chifukwa cha kubuula kwawo akamanyamula, komwe kunkamveka mpaka kumsewu. Sanali munthu woipa. Wina galimoto ikamufera panja iwo ndiwo ankayamba kukankha. Vuto lawo linali lakuti ankakhulupirira kuti palibe chinthu pansi pano chimene sichingathe ndi minofu.

"Kochi, masiki awa ndi a anthu a m'maofesi," ankatero tsiku lililonse pakhomo.

"Kwezani afike pamphuno."

"Mphuno yanga yalakwa chiyani?"

"Kwezani."

Tsiku lina anafika masana dzuwa likuswa mtengo, koma atavala juzi yokhuthala ndi chipewa chaubweya. Za masiki sanatchule, anali atakweza kale. Kochi anawaloza ndi kamfuti pamphumi, nambala inatuluka yabwinobwino, nkuwalola kulowa. Juziyo anaiona, maso ofiirawo anawaonanso, koma masiku amenewo zinthu zinkangodutsa m'maso mwake osafika pamtima. Anabwerera kukapopera mankhwala pa zogwirira za njinga zolimbitsira thupi.

Anamva zitsulo zikuwonjezeredwa kubenchi. Anamva kubuula koyamba, kwachiwiri. Kenako kunali chete, ndipo chete ameneyo ndi amene anamutembenuza.

"Kochi! Mayo, Kochi, afatu awa!" anakuwa mayi wina wa saluni, yemwe ankapalasa njinga m'bokosi loyandikana ndi benchi.

Chitsulo chinali chitawagwera a Thirakitala pachifuwa nkugubuduzika mpaka pakhosi. Miyendo inkapalapata pansi. Nkhope inali itatupa, mitsempha itatuluka. Ndipo taonani zimene malamulo abwino amachita: anthu onse anathamanga nkuima m'mphepete mwa tepi yawo, zala zakumapazi zili pamzere penipeni, manja ali m'mutu. Kochi anali atawaphunzitsa bwino kwambiri.

Nayenso anaima. Anaganiza za bambo ake atakhala pampando wawo wapawindo, malaya atakweza kudikira jakisoni. Mantha sanamve, chisoni sanamve. Anangodabwa kuona miyendo yake yadumpha kale tepi.

Anaima kumutu kwa benchi, nkuwerama, nkugwira chitsulo. Chinali cholemera mopusa, cha anthu awiri. "Kankhani!" anakuwa. "Kankhani, bambo inu!" Anakoka mpaka msana kulira, masiki ake onyowa ndi thukuta nkutsetserekera kuchibwano. Chitsulo chinakwera pang'ono, kenako pang'ono, mpaka chinakhala pa zokolekera zake. A Thirakitala anang'amba masiki awo kufuna mpweya, ndipo chifuwa chimene anachisunga tsiku lonse chinaphulika. Anatsokomola molunjika nkhope ya Kochi, yomwe inali ikadali pamwamba pawo. Malovu anawamva pamilomo ndi m'diso.

Anawagwira paphewa kuti awadzutse. Thupi linali lotentha ngati nsimbi yositira.

"Mwatentha thupi," anatero Kochi. Mawu ake anatuluka wamba, ngati akunena za nyengo.

"Ndi pang'ono chabe."

"Pakhomo munadutsa bwanji?"

A Thirakitala anayang'ana pansi. Chimunthu chonsecho chinaoneka ngati mwana wogwidwa ndi dzanja m'shuga. "Ndinamwa mapiritsi. Ndinakhalanso kaye m'galimoto, botolo la madzi oundana lili pamphumi."

"Chifukwa chiyani?"

"Mayi akunyumba anawapeza nawo mliriwu, ali chigonere. Ine wangondiyamba dzana. Ndimati ndiutulutse ndi thukuta usanakhazikike, Kochi. Ndikagona ine, awasamale ndani? Chimfine chimaopa thukuta. Si mmene timanenera muno?"

Ndi mmene ankanenera ndithu. Mujimu iliyonse amanena choncho, ndipo wobwera ndi chimfine kale ankamuombera m'manja. Mayi wa saluni anayamba kutukwana, mawu oti sangalembedwe, uku akudzithira sanitaiza mpaka m'zigongono. Kochi sanakalipe. Akanakonda kukwiya, mkwiyo ukanakhala chinthu chogwirika, koma sunabwere. Anauza onse kuti atenge zikwama azipita ndipo asayandikire anthu kwawo. A Thirakitala anawakhazika panja pamthunzi, nkuimbira achipatala. Kenako anaimbira mwini jimu.

"Nanga chitsulocho sichinapindike?" anafunsa mwini jimu.

"Chili bwino."

"Chabwino. Inuyo muli bwanji?"

"Ndili bwino."

Anasukusula ndi sopo mpaka maso kuwawa, akudziwa kuti madzi akatayika sawoleka. Anapopera benchi, anapopera chitsulo, anakolopa malo amene malovu anagwera. Achipatala atabwera anamuuza kuti kuyezetsa lero sikungaonetse kanthu, adikire masiku angapo, ndipo pakadali pano akhale payekha. Anamufunsa ngati kunyumba kuli okalamba kapena odwala. Anayankha kuti alipo mmodzi, yemwe ali zonse ziwiri.

Anapita wapansi, kupewa basi. Panjira anaimbira mayi woyandikana nawo nyumba, amene anagwirapo ntchito ya unamwino, ndipo anavomera kuti azibwera kudzabaya jakisoni. Anaganiza za kashedi kakuseri komwe ankasungiramo njinga yakale ndi zitini za penti, kuti akasuntha zitinizo matiresi angakwane. Zonse anazikonza bwinobwino m'mutu, ngati zikuchitikira munthu wina.

Dzuwa linali lisanalowe pamene anafika pakhonde lakuseri. Bambo ake, omwe maso anawathera koma makutu ayi, anamva geti.

"Mayi, wafika? Wachedwatu lero. Samba msanga, tiyi wazizira."

"Ababa, musatsegule chitseko."

Kuseri kwa chitseko kunamveka masilipasi akukwekwereza, nkuima.

"Bwanji?"

Anawafotokozera zonse, mwachidule, mopanda kukometsera. Za chitsulo, za chifuwa, za kashedi, za mayi woyandikana nawo. Ananena kuti chakudya aziwasiyira pawindo, ndipo azilankhulana pafoni. Bambowo anamvetsera mpaka kumapeto osamudula, zomwe sizinali khalidwe lawo.

"Ndiye ukagone ndi zitini za penti," anatero.

"Masiku ochepa okha."

"Amayi ako ananenanso choncho. Musandiyandikire bambo, masiku ochepa okha. Ine nkumvera, chitsiru ine. Ndinawaonera pawindo akukwera galimoto ija, osawagwira ngakhale chala. Iweyo sindikumvera. Ngati ukudwala udwalire m'nyumba muno, ndikufunditse ndekha."

Chogwirira chitseko chinatsika. Kochi anachigwira msanga nkukokera kwa iye.

"Ababa, siyani."

"Siya ndiwe. Nyumba ino ndi yanga."

"Ndikudziwa."

"Ndiye siya chitseko changa!"

Nkhalambayo inakoka. Kochi anadziwa kuti ikukoka ndi manja onse awiri, phazi litaponda mphuthu, chifukwa ankamva kupuma kwake. Koma mphamvu imene inafika m'dzanja lake inali yochepa zomvetsa manyazi. Akanatha kuchigwira chitsekocho ndi zala ziwiri. Awa ndi bambo amene ankamunyamula ndi mkono umodzi ali kamtsikana, nkumukhazika pamwamba pa kabati kuti alire, iwo akuseka. Apa mpamene chisoni chinamulasa, kwa nthawi yoyamba chimwalirireni mayi ake, ndipo chinawawa kwambiri. Anatsamira mphumi pathabwa la chitseko, koma dzanja sanalimasule.

Kukokako kunafooka, kenako kunatha. Anamva bambo ake akupuma movutikira, kenako mpando ukukokedwa kuchokera kukhitchini mpaka pafupi ndi chitseko.

"Mphamvu zimenezo unazitenga kwa ine," anatero mawu otopa.

"Eya, ababa."

"Wadya?"

"Ndadya."

"Bodza."

Kumsewu kunadutsa njinga yamoto, kwa aneba wina ankatsuka mbale. Kochi anafuna kukhala pansi, koma ankawadziwa bambo ake. Patapita kanthawi, chogwirira chija chinayamba kutsikanso m'dzanja lake, pang'onopang'ono, mwakachetechete, nkhalamba ikuyesa ngati mwana wake watopa. Kochi anafinya.