Chitseko cha a Yesimkhan

Chitseko chinakana kutseguka m'mawa womwewo umene ng'ombe ya Kunsulu inayamba kubereka. Anakoka, anakankha ndi phewa, anamenya ndi chidendene, koma chinangoti gwa ngati chamera mizu. Kukhola, pafupi pomwepo, ng'ombe inali kubuula kabuulidwe kosakhala bwino.

M'nyumbamo anali awiri basi, iye ndi apongozi ake aamuna, a Yesimkhan. Mwamuna wake Tilektes anali atatsika phiri pa hatchi dzulo lake kukagula ufa, ndipo nyumba yoyandikana nayo inali kutsidya kwa chigwa, koti ungakuwe mpaka mawu kutha.

Chimene chinachitika Kunsulu ankachidziwa, poti anali mwana wa kalipentala. Nyumba ya zipika zaziwisi sikhala duu. Zipika zikamauma zimafota, khoma lonse n'kumatsika pang'onopang'ono. N'chifukwa chake pamwamba pa felemu ya chitseko umasiya mpata wa zala zinayi n'kutsekapo ndi ndere zouma, ndipo felemuyo suikhomera ku zipika. Koma a Yesimkhan, munthu woti moyo wake wonse wathera pa mahatchi, ankati mpata umenewo ndi ulesi wa amisiri. M'chilimwe anathinitsa felemu kuti mphepo isowe polowera, n'kuikhomera misomali ikuluikulu, akuimba mluzu.

Kunsulu anaona zonsezo akuwathirira tiyi. Ananong'oneza mwamuna wake, mwamunayo n'kungoseka. "Kawauzeni nokha, amisiri." Nanga mtengwa wa miyezi isanu, woti ngakhale dzina la apongozi saloledwa kulitchula, akanayambira pati? Lero denga linali litasenza chipale chofewa, khoma latsika, nyumba yonse yakhalira chitseko. Zenera nalo linali litang'aluka galasi, komanso linali lokwana mutu ndi phewa limodzi.

"Ata," anatero Kunsulu kwa apongozi akewo akuyang'ana pansi, "ng'ombe ija ikuvutika. Mwana wakhala molakwika, ndikumva kaliridwe kake."

"Ng'ombe zinayamba kubereka iwe usanabadwe. Thira tiyi."

"Nkhwangwa ili kuseri kwa mbaula, Ata."

Mkuluyo anaika pansi kambale ka tiyi. "Ukuti chani? Milungu itatu ndikusema chitseko chimenechi, iwe! Chatupa ndi chinyontho basi. Wonjeza nkhuni, chiume, chitseguka chokha."

Anawonjeza nkhuni, akudziwa bwinobwino kuti n'kutaya nthawi. Ng'ombeyo anamupatsa ndi malemu bambo ake pa ukwati, ndipo pa phiri lonseli ndi yokhayo imene akanati yanga. Anaima pazenera, mphumi pagalasi lozizira, akungoona denga la khola. M'nyumba munatentha, mpweya unachepa, mtima ukumuwawa.

Dzuwa litakwera a Yesimkhan anadzuka kukayesa okha. Anakoka mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka, chogwirira n'kuwatsalira m'manja. Anachiponya pansi n'kukhalanso. "Tilektes abwera madzulo, akankhira kunja."

Kenako ng'ombe inasiya kubuula. Kunangoti zii.

Kunsulu anatenga nkhwangwa.

"Iwe mwana, ika pansi! Ndakuuza ine!"

Kunsulu analunjika kuchitseko. Anatema thabwa lapakati, maluwa amene mkuluyo anasemapo akuthethekera pansi, natemanso mpaka mphepo yozizira inamuwomba kumaso. Anadzifinya pabowopo, chovala chikung'ambika, n'kupalasa chipale chofika m'maondo mpaka kukhola.

Ng'ombe inali gone, maso ali tuzu, timiyendo tam'mbuyo ta mwana titatuluka. Kunsulu anamanga chingwe kutimiyendoto, anaponda pamtengo wa khola n'kukoka ndi mphamvu zake zonse. Kathole kanatuluka. Anakapukuta mphuno, anakatikita ndi udzu, anakauzira mpweya m'kamwa, koma ayi ndithu. Kanali kakadali kofunda. Chimenechi ndi chomwe chinamupweteka kwambiri: akanatema chitseko nthawi imene ankawonjeza nkhuni, akanakapeza kamoyo. Mayi wake anadzutsa mutu n'kuyamba kukanyambita.

Atabwerera kunyumba anapeza mkuluyo atapachika chofunda cha ubweya pabowo lija, atakhala pansi, zidutswa za chitseko ataziunjika pamiyendo. Mkuluyo anamuyang'ana manja ali magazi okhaokha.

"Zatheka?"

"Mayi ali moyo. Mwana wafa."

A Yesimkhan anatembenuza kachidutswa m'manja. Polankhula, mawu awo anali otsika.

"Mwana wanga akabwera, iwe usanene kanthu. Asakukalipire. Ndimuuza kuti chitseko ndathyola ndine."

Kunsulu anawayang'ana m'maso, koyamba chilowereni m'banjamo.

"Ayi, Ata. Za chitseko ndinena ndekha. Inu mumuuze za kathole."