Penti wa Buluu pa Khoma la Agogo Onesimo

Pali anthu ena oti akafuna kukuthandiza, bola mdani. Ellard, mwamuna wa Veronica, anali wotero: mtima wabwino, manja achangu, koma mutu umabwera pambuyo ntchito itatha.

Nyumba yawo ku Bangwe inamangidwa ndi agogo ake a Veronica, a Onesimo, kukadali minda ndi afisi. Njerwa anaumba okha n'kumangira dothi, ndipo ukayang'anitsitsa pakhoma unkaona pomwe zala zawo zinadinda. Chitseko chinali cha mlombwa, cholemera moti mwana sankachikankha yekha. Namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba zasimenti m'mbalimo, koma iyi inangoima nji.

Vuto linali a Raymond, achimwene ake a Veronica. Iwo ankafuna kuigwetsa kuti amangepo mashopu, ndipo abale onse anavomera kupatula Veronica. Tsiku lina mayiyu anamva pa wailesi kuti m'maiko ena muli nyumba zamiyala zomwe zaima zaka masauzande ndipo palibe amazikhudza, komanso kuti nalo boma lathu limateteza nyumba zakale likaziona n'kukhutira. Ndiye anayenda, anthuni! Maulendo anayi ku ofesi m'tauni, kukhala pa benchi mpaka msana kuwawa, n'kuuzidwa kuti abwana ali ku miting'i. Pomaliza bambo wina wa magalasi anavomera kudzaiona Lachisanu. A Raymond anati adikira mpaka tsikulo basi, osapitirira.

Lolemba kunagwa maliro ku Thyolo, Veronica n'kupita. Pochoka anauza mwamuna wake kuti angosesako pabwalo, mlendo asadzapeze zinyalala.

Lachisanu m'mawa atatsika minibasi, anaidutsa nyumba yake. Zoonadi, anaidutsa mpaka kukafika pa mjigo, n'kubwerera. Makoma onse anali atapulasitalidwa ndi simenti, pamwamba penti wa buluu. Pakhomo panali chitseko chachitsulo, ndipo pambali pake panaima Ellard, penti mpaka m'zigongono, akumwetulira ngati wakhoza mayeso.

"Bambo a Takondwa, mwatani?"

Ellard anafotokoza modekha kuti mlendo wa boma sangafikire pa nyumba yooneka ngati khola la mbuzi, anthu angawaseke. Anagwira ntchito masiku anayi osapuma. Chitseko chakalecho anapatsa bambo wokazinga chipisi pamsewu, yemwe anachiwaza tsiku lomwelo n'kusonkhezera moto.

Veronica anapsa mtima kwambiri. Nanga ungamukalipire bwanji munthu woti matuza ali m'manja chifukwa cha iwe? Anatenga mpeni n'kuyamba kupala khoma, koma simentiyo inali itagwira kale, poti munthuyu akalakwitsa amalakwitsa ndi mphamvu zake zonse.

Bambo wa magalasi uja anamupeza akupalabe. Anazungulira nyumba kamodzi, anagogoda khoma, kenako anafunsa ngati pali chithunzi chakale. Panalibe. Ndani ankataya nthawi kujambula khoma? Ellard anabwera ndi chakumwa pa thireyi, atagwira ndi manja awiri.

"Mayi, ine ndikanene kuti ndaona chiyani?" anatero mlendoyo. "Nyumba ngati iyi zili mbwee mpaka ku Machinjiri."

Anamwa chakumwacho, anayamikira penti, n'kumapita.

Lolemba lotsatira a Raymond anabwera ndi anthu a mahamala. Veronica anaima kutsidya kwa msewu atapinda manja, katundu ali pa veranda ya aneba. Zinamuwawa, ndipo chomuwawa kwambiri chinali choti panalibe woti amude. Ellard anamuyandikira mwamanyazi, akufunafuna mawu omutonthoza.

"Komabe ikugwa ili yoyera, mayi a Takondwa."

Veronica sanamuyang'ane n'komwe.

"Eya, munaisambitsa bwino," anatero. "Maliro timatero."