Mawu Enieni a Nyimbo ya Winnet

Mukakwera kombi pa Makoni, dalaivala n'kutsegula wailesi ya nyimbo zakale, simufika ku Town Centre musanamve mawu a asisi anga, Winnet Sailesi. Anthu amagwedeza mitu, ena amaimba nawo, kondakitala mpaka amaiwala kukuwa. Ine ndimangoyang'ana pawindo. Ndikati nditsegule pakamwa ndingayambane ndi kombi yonse.

Ndine Lisnet, mng'ono wawo. Tinabadwira pa famu ya fodya, makolo athu anali ochokera ku Malawi. Abambo atamwalira tinasamukira kuno ku Chitungwiza, m'kachipinda ka lendi ku Zengeza, amayi n'kuyamba kuchapira anthu zovala. Akamachapa ankakonda kanyimbo kena kake, koma ankangoimbira m'mphuno, pakamwa ali chitsekere. Tikawafunsa mawu ake ankati, "Mudzawamva nthawi yanu ikakwana."

Nthawi imene ankanenayo inali ya chinamwali. Azimayi a mtundu wathu sanachisiye chifukwa choti abwera m'tauni, ayi. Tchuthi cha Ogasiti chikafika ankatsekera atsikana m'nyumba ya amake Trymore, namkungwi wathu, mayi wa pakamwa pakuthwa amene ankagulitsa tomato pa msika wa Makoni. Tinayenera kulowa tonse awiri. Koma sabata yomweyo kunabwera Bothwell, mnyamata wa gitala amene anamva asisi akuimba pa ukwati wina, n'kunena kuti wawapezera mpata mu situdiyo ku Harare.

"Ndidzalowa chaka chamawa, amayi," anatero asisi akumanga nsapato. "Situdiyo siidikira munthu."

Ndinalowa ndekha. M'nyumba muja ndi mmene ndinamva mawu a kanyimbo ka amayi, ndipo ndinamvetsa chimene ankatsekera pakamwa. Si nyimbo yoimba pali amuna kapena ana.

Tsono tamverani zimene zinachitika ku Harare. Nthawi imeneyo ankajambula pa kaseti, ndipo mbali yachiwiri inatsala ndi malo a nyimbo imodzi. Bothwell anafunsa ngati asisi ali ndi kena kodzazira. Asisi, osadziwa kanthu, anamuimbira m'mphuno kanyimbo ka amayi kaja. Iye anakatola ndi gitala, pomwepo n'kukhala pansi awiriwo kulukapo mawu a Chishona, onena za mtsikana amene kombi yomaliza yamusiya. Nyimbo yongodzazira malo ija ndi imene inawatchukitsa. Inalira m'masitolo, inalira pa maukwati, inalira m'mabawa, azibambo akuvina mowa uli m'manja.

Amayi anaimva koyamba pa wailesi ya aneba, akuyanika zovala. Anaima ndi malaya onyowa m'manja mpaka nyimbo inatha. Madzulo ake amake Trymore anafika, sanalandire ngakhale mpando.

"Mwana wanu wativula tonse pamsewu," anatero. "Dzulo ndamva mwamuna wanga akuimba mluzu nyimbo imeneyi akumeta ndevu. Mwamuna wanga!"

Kuyambira tsiku limenelo amayi ankachapa ali duu, ndipo sindinawamvenso akuimba mpaka imfa yawo.

Asisi atauzidwa anaseka. "Inu, zimenezo n'zakumafamu. Mawu anu sindinatengeko ngakhale limodzi, ndiwadziwira kuti?" Mmenemo n'kuti zinthu zikuwayendera. Makaseti ankatuluka motsatizana, kenako masidi. A mafilimu nawo anawaitana, n'kuwapatsa mbali ya mpongozi wankhanza, ndipo anaichita bwino moti mayi wina anawatukwana pa Town Centre kuti asiye kuzunza mkazi wa mwana wawo. Sindinama, ndinkawanyadira. Ankaimba ngati munthu amene sadzatopa. Chaka chilichonse Ogasiti akayandikira amayi ankawakumbutsa mwaulemu, ndipo chaka chilichonse pankakhala ulendo, kapena filimu, kapena chimbale choti chimalizidwe.

Zinawaonekera pa maliro a amayi. Nthawi yosambitsa thupi itakwana, azimayi analowa m'chipinda, ine ndinalowa, asisi n'kubwera pambuyo panga atavala magalasi akuda. Amake Trymore anatchinga khomo ndi mkono.

"Ana kunja."

"Ndi amayi anga awa," anatero asisi.

"Tikudziwa. Ana kunja."

Kwathu wosalowa chinamwali ndi mwana, kaya ali ndi imvi, kaya nkhope yake ili pa kanema. Asisi anakaima kuseri kwa nyumba limodzi ndi tiana tonyamula madzi. Nditatuluka ndinawapeza atavula magalasi aja, akulira mosaoneka bwino, osati kulira kwawo kwa m'mafilimu. Ndinawamvera chisoni, komanso mumtima ndinali ndi mkwiyo, poti amayi anawachonderera zaka zonsezo.

Patapita zaka, kutchuka kunayamba kuzilala. Achinyamata anabwera ndi nyimbo zawo za pa foni, a mafilimu anapeza apongozi ena. Tsiku lina masana asisi anafika kwanga, n'kukhala pa mpando ngati mlendo.

"Lisi, ndiuze mawu a nyimbo ija. Ndikufuna ndijambule chimbale chomaliza, cha m'Chichewa chokhachokha. Ndiwapepese amayi."

"Mukufuna muwapepese pochita zomwe zija kachiwiri? Poyamba munatenga kaimbidwe, pano mwabwerera mawu?"

Asisi anapotokola lamba wa chikwama. Kenako anati, "Chabwino, sindijambula. Ndingofuna ndidziwe chimene amayi ankanena mumtima akamachapa. Nyimboyi ndaiimba moyo wanga wonse, koma sindikuidziwa."

Zinandikhudza, koma mawuwo sanali anga oti ndigawe ngati mchere. Ndinawatengera kwa amake Trymore. Anali atakalamba, maso akuona mwa apo ndi apo, msika atasiyira mdzukulu, koma lilime linali lomwe lija.

"Ndani uyu? Wa kombi yomaliza uja?" anatero. "Khomo sitinatseke ife. Ogasiti akubwerayu ubwere, ukhale pa mphasa ndi atsikana anzako. Wigi uvule, foni usiye kunja. Ukatuluka, nyimboyo ndi yako, koma ya m'nyumba."

"Ndibwera," anatero asisi, ndipo anagwada.

Ndinakhulupirira, ine wopusa. Anagula chitenje chatsopano, n'kumandifunsa ngati maondo awo angapirire kukhala pansi. Ankachita manyazi poganiza zokhala pakati pa ana a sukulu, koma ankaseka, ndipo kwa nthawi yoyamba tinkacheza ngati anthu a mimba imodzi. Ankayesetsa kundiyankha m'Chichewa, ngakhale Chishona chinkawatsogolera pakamwa.

Kumapeto kwa Julayi foni inalira. Anali anthu a filimu ina yojambulira ku Mutare, ankafuna gogo wolusa. Asisi anabwera kudzandiuza ataima pakhomo, osalowa.

"Lisi, wekha ukudziwa kuti anandiiwala. Ndikakana iyi sadzandiitananso. Amake Trymore alipo, nyumba ilipo. Chaka chamawa."

"Asisi, muli ndi zaka zingati kuti muzinena chaka chamawa?"

"Usadaro, Lisi," anatero m'Chishona, kundipempha kuti ndisatero.

Ndinawauza mawu ambiri amene sindingawabwereze pano. Anapita. Filimuyo sanaimalize n'komwe. Anagwa akudzola zodzoladzola m'mawa wina, ndipo pofika nawo kuchipatala madokotala anati ndi sitiroko. Mbali yakumanja inafa, kulankhula kunapita. Nzeru zokha zinatsala zonse, mumaona m'maso kuti akumva chilichonse.

Pano amakhala kwanga. Ndimawasambitsa, ndimawadyetsa phala ndi supuni. Anthu amene ankawaombera m'manja sabwera, kupatula Bothwell, amene anabwera kamodzi ndi mutu wake wa dazi n'kulephera kuwayang'ana kumaso. Ogasiti atafika, atsikana analowa kwa amake Trymore. Ng'oma inkamveka pang'ono mphepo ikawombera kuno, ndipo asisi ankatembenuzira mutu kukhoma.

Ndinapita kwa amake Trymore kukafunsa ngati tingawanyamule asisi kuti akalowe nawo. Anapukusa mutu. "Angagwade? Angavomere nyimbo? Usandivutitse, mwanangu." Nditafika pakhomo potuluka anandiitananso. "Pakhomo pako pali makatani?"

"Alipo."

"Ine maso anga saona zimene zimachitika m'nyumba za eni."

Mawa lake masana ndinatuma adzukulu kwa aneba, ndinakhoma chitseko, ndinatseka mawindo ndi makatani. Ndinawavula asisi duku, n'kuwatsamiritsa pa pilo, ine n'kukhala pansi pafupi ndi bedi. Ndinayamba kuimba, motsitsa mawu, ndi mawu ake onse. Inu sindikuuzani, musayembekezere.

Mzere woyamba usanathe anali atazindikira. Diso lawo labwino linatseguka kwambiri. Nditafika pakati, pamene nyimboyo imanena zimene mayi amauza mwana wake wamkazi, misozi inayamba kutsikira m'khutu, ndipo dzanja lawo lamanzere linandigwira pamkono mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa. Zinandipweteka mumtima kuposa tsiku la maliro. Mawu amenewa anayenera kuwamva ali mtsikana, amayi ali panja akudikira kuwalandira ndi nthungululu.

Nditamaliza anandigwedeza mkono kuti ndibwereze, ndipo ndinabwereza.

Nyimboyi ndi ya anthu awiri. Wina amatsogolera, wina amavomera kamzere kakafupi, mawu ochepa chabe. Maulendo awiri oyambawo ndinkachita zonse ndekha kuti amve. Ulendo wotsatira ndinaona akukoka mpweya monga ankachitira pa maikolofoni, phewa likukwera, ndiye nditatsogolera ndinasiya mpata.

Milomo inagwedera. Khosi linalimbika, mitsempha n'kuonekera. Panatuluka mpweya wokha ndi malovu pang'ono. Anayesanso, nkhope yonse itakwinyika, ine ndikudikira, ndikuwagwedezera mutu ngati mwana wophunzira kuyenda. Kenako dzanja lija linandisiya, n'kugwera pa bulangete.

Ndinawapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, n'kuvomera ndekha.